Kajambulidwe ka diborane: werengani kaye maelekitironi

Ophunzira anga akaona diborane, B2H6, koyamba, dzanja limathamangira kuijambula ngati ethane, C2H6: mzere pakati, mahaidirojeni atatu uku, atatu uko. Ine ndimawagwira dzanja pensulo isanakhudze pepala. Werengani kaye maelekitironi a kunja, aja opanga mabondi.

Kaboni aliyense amabweretsa 4, haidirojeni 1. Ethane ili ndi 14, okwanira mabondi 7 a maelekitironi awiriawiri. Koma boroni amabweretsa 3 basi. Maboroni awiri apereka 6, mahaidirojeni apereka 6, onse pamodzi 12. Aperewera awiri, ndipo kobwereka kulibe.

Ndiye chitani chonchi. Lembani ma B awiri motalikirana pang'ono, osawalumikiza. Aliyense mumpatse ma H awiri chakunja, pa mabondi wamba. Mabondi anayiwo adya maelekitironi 8. M'manja mwatsala maelekitironi 4 ndi ma H awiri. H mmodzi muikeni pamwamba pa mpata wapakatiwo, winayo pansi pake. Aliyense wakhala mlatho, B–H–B, ndipo mlatho uliwonse muupatse maelekitironi 2 okha. Nkhani yagona pamenepa: maelekitironi awiri akugwira maatomu atatu nthawi imodzi. Ine ndimakoka mzere umodzi wokhota ngati uta, kuchoka pa B, kudzera pa H, kukafika pa B winayo, chifukwa mizere iwiri yowongoka imanamiza maso, munthu n'kumaganiza kuti pali mabondi awiri athunthu.

Miyeso nayo ikuvomereza. B–H yakunja ndi yotalika pafupifupi mapikomita 119 (pikomita ndi kamuyeso kakang'ono kwambiri ka utali), yapamlatho 133. Yatalika chifukwa maelekitironi awiri omwewo agawanidwa mbali ziwiri, kagwiridwe n'kofooka. Ma B awiri ndi ma H anayi akunja amagona pa thyathyathya limodzi, milatho ija ili pamwamba ndi pansi pa thyathyathyalo.

Musadandaule mukapunthwa, akatswiri nawo anakangana kwa zaka zambiri. H. C. Longuet-Higgins anafotokoza za milathoyi mu 1943 akadali wophunzira ku Oxford, ndipo William Lipscomb analandira mphoto ya Nobel mu 1976 chifukwa cha kafukufuku wake wa mamolekyu a boroni ndi haidirojeni. Diborane yeniyeniyo ndi mpweya wapoizoni womwe umayaka wokha ukakumana ndi mpweya wabwino, choncho ife tingothera papepala.

Msampha womwe ndimakonda kutchera ndi uwu: Al2Cl6 ndi Al2(CH3)6 (Al ndi aluminiyamu, Cl ndi klorini). Onse awiri ali ndi milatho iwiri, maonekedwe n'ngofanana. Pa woyambayo klorini ali ndi maelekitironi osagwiritsidwa ntchito oti aperekepo, ndiye mlatho Al–Cl–Al ndi mabondi awiri wamba, maelekitironi 4. Pa wachiwiriyo gulu la CH3 limabweretsa elekitironi imodzi yokha, monga haidirojeni. Werengani: Al aliyense 3, magulu a CH3 onse 6, ndiye 3 ndi 3 ndi 6. Mwabwereranso pa 12 paja, ndiye kokani mauta anu awiri.