Kangachepe ka zaumoyo, tingapereke bwanji osamugula munthu

Ngati gulu lanu, kaya la kutchalitchi, banki m'khonde kapena komiti ya zaumoyo m'mudzi, likufuna kumapereka kangachepe kuti anthu azipita kusikelo kapena kukayezetsa magazi, yambani mwawerengera zomwe munthu amaluza tsikulo. Mayi wothyola tiyi ku esiteti kuno ku Thyolo akajomba ntchito kupita kuchipatala ndiye kuti makilo a tsikulo apita, kuphatikiza ya kabaza kupita ndi kubwera, ndi kachitumbuwa ka mwana ali pa mzere. Mubwezereni zimenezo basi.

Ndalamayo ikhale yochepa dala. Mu 2004 ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kunachitika kafukufuku wopatsa anthu tindalama akapita kukamva zotsatira za HIV, ndipo tochepa tomweto tinachititsa kuti chiwerengero cha opita chiwirikize kawiri. Koma ndalama ikachuluka, mu Januwale ufa utatha m'nyumba, munthu sangakane olo mtima wake usakufuna, ndiye mwamukakamiza pamenepo. Nchifukwa chake pa zinthu zosabwezeka ngati kutseketsa kubereka ine ndimati pasakhale mphotho olo pang'ono, thiransipoti yokha.

Lipirani zomwe munthu wachita osati zomwe zapezeka m'thupi mwake. Wabwera kudzayezetsa alandire, kaya zatuluka bwanji, ndipo wogawa ndalama zotsatirazo asazione nkomwe. Ofufuza anayesaponso kulonjeza anthu ndalama akakhalabe opanda kachilombo koma khalidwe silinasinthe, komanso taganizirani mayi woti kachilombo kabwera ndi mwamuna wake, anzake akulandira iye nkumanidwa pamaso pa mudzi wonse aliyense nkudziwiratu chifukwa chake, zimenezo zimandiwawa kwambiri abale. Osamaitana mayina pansi pa mtengo. Tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money pa foni ya mwiniwake osati ya abambo akunyumba, ngati alibe foni mupatseni pamanja pambali.

Omwe akhala akumwa ma ARV mokhulupirika osalandira kanthu nawonso aziwerengedwa, mukamapatsa othawa mankhwala okha ena angayambe kujomba dala.

Poyambirira pomwe tchulani mwezi womwe ndalamazi zidzathe, ndipo mlangizi wa zaumoyo azikhalapo tsiku lililonse logawa, azifotokoza ubwino wa sikelo ndi katemera kuti anthu asamangobwerera ndalama. Za chindapusa kwa mayi wochirira kunyumba kakambiraneni ndi amfumu azisiye, wosowa ya kabaza usiku matenda atamuyamba mbuzi yolipira aipeza kuti?