Musanagule hot rod, nyamulani kamaginito

Kumanga hot rod (galimoto yakale yokonzedwanso kuti izithamanga kwambiri) ngati Ford ya 1932 kuyambira pa chasisi nthawi zambiri kumadya ndalama zambiri kuposa kugula yomalizidwa kale, chifukwa ndalama za penti, mawaya ndi amisiri sizibwerera pogulitsa. Gulani yoyenda kale, koma muifufuze kaye.

Kulungani kamaginito kofooka m'kansalu kuti kasakande penti. Kayendetseni m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala, pomwe madzi amakhalitsa. Pamene sikakugwira, pamatidwa phala lobisa dzimbiri. Koma dziwani kuti ambiri mwa ma Ford a 1932 omangidwa masiku ano ali ndi bodi ya fiberglass (mtundu wa pulasitiki wolimba, osati chitsulo), ndiye maginito sagwira paliponse, funsani mwiniwake.

Kenako lowani pansi ndi tochi, mubaye chasisi ndi sikuludiraiva pomwe pamangidwa masipuling'i. Ikalowa, ndiye kuti chasisi yadyeka ndi dzimbiri, musavutike n'kunenerera mtengo.

Muuzeni wogulitsa asalize injini musanafike, poti yotentha imabisa utsi wabuluu wotuluka poyamba. Yezani compression, mphamvu yomwe silinda iliyonse ya injini imapanikizira mpweya: masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Nambala ya pa chasisi ifanane ndi ya pamapepala, apo ayi kulembetsa kudzavuta.