Mmene mungakonzere munda woyeserapo feteleza kuti zotsatira zake zikhale zodalirika

Mlimi akathira urea kumtunda kwa munda wake, kumunsi n'kusiya osathira, chimanga cha kumtunda n'kubereka bwino, anthu amati feteleza wagwira ntchito. Mwina wagwiradi. Koma mwinanso kumunsiko kunadikha madzi mu Januwale, kapena kumtundako kunali khola la ng'ombe zaka 3 zapitazo. Munda umodzi sukhala ndi nthaka imodzi: pali chulu, pali mchenga, pali pamene anatenthera mapesi. Ntchito yonse yokonza kafukufuku woyesera yagona pamenepa. Kusiyana kumene mudzaone pa sikelo kuyenera kuchokera ku chinthu chimene inu munasintha, osati ku zimene munda unali nazo kale.

Yambani ndi funso lokhala ndi manambala. Funso loti "kodi feteleza amathandiza?" silingayesedwe, chifukwa silikunena feteleza wanji, wochuluka bwanji, pa mbewu yanji. Loyeseka ndi ili: kodi zokolola za chimanga cha haibulidi zimasintha bwanji tikathira urea wokwana 0, 50, 100 kapena 150 kg pa hekitala monga feteleza wobereketsa?

M'funso limeneli muli mitundu itatu ya zinthu zimene zimatha kusintha, zimene m'mabuku a kafukufuku amati ma variable. Mlingo wa urea ndi chimene mukusintha dala, independent variable, ndipo uli ndi magawo 4. Kulemera kwa chimanga chotonola ndi chimene mukuyeza kuti muone ngati chatsatira kusinthako, dependent variable. Zina zonse zimene zingakweze kapena kutsitsa zokolola, monga mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, kutalikirana kwa mapando, feteleza wokulitsa ndi kupalira, muyenera kuzigwira kuti zifanane mu ndime zonse, tizigawo ta munda tolandira mlingo umodzi wa urea kalikonse. Chimodzi mwa izi chikapulumuka n'kumayendera limodzi ndi mlingo wa urea, chimakhala confounding variable. Mwachitsanzo, ndime za 150 kg zikapaliridwa Lolemba, za 0 n'kudikira mpaka sabata yotsatira chifukwa aganyu anachepa, simudzathanso kulekanitsa ntchito ya urea ndi ntchito ya khasu. Palibe masamu amene angakonze zimenezo pambuyo pake.

Chinthu choyeza chilembedwe momveka mbewu isanalowe pansi. Kungolemba kuti "zokolola" n'kosakwanira. Lembani kuti: makilogalamu a chimanga chotonola ndi chopeta, pa chinyezi cha 12.5 peresenti, pa hekitala. Mutha kuyezanso msinkhu wa mapesi kapena tsiku lotulutsa ngaiyaye, koma sankhiranitu chimodzi chimene chidzayankhe funso lanu. Munthu akayeza zinthu 15, kawirikawiri chimodzi chimaoneka ngati chasiyana mwangozi chabe, ndipo mtima umafuna kulemba lipoti pa chimenecho.

Ndime ya 0 ndiyo control, poyerekezera zonse. Ambiri amaiona ngati kutaya malo, koma popanda iyo simungadziwe chimene nthakayo ikanapereka yokha chaka chimenecho. Dziwaninso kuti 0 ameneyu sakutanthauza kuti chimanga sichinalandire nayitirojeni konse. Mukathira feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S pa mlingo wa 100 kg pa hekitala, ndime iliyonse yalandira kale 23 kg ya nayitirojeni pa hekitala, popeza nambala yoyambayo ndi peresenti ya nayitirojeni. Urea ali ndi 46 peresenti, choncho magawo anu akuwonjezera 0, 23, 46 ndi 69 kg pamwamba pa 23 uja. Lipoti lidzanene zimenezi, apo ayi owerenga adzaganiza kuti nthaka yanu inabereka popanda kanthu.

Njira yoyalira ndime imene ikugwiritsidwa ntchito m'malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka inachokera kwa katswiri wa masamu Ronald Fisher, yemwe anayamba ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919. Kumeneko anapeza zolemba za minda yoyeserapo yakalekale, monga munda wa tirigu wa Broadbalk umene unayamba mu 1843. Mfundo zake zitatu, kubwereza, kuchita mayere ndi kugawa mabuloko, anazifotokoza mokwanira m'buku la The Design of Experiments la mu 1935.

Mabuloko ndiwo amafuna kuti muyende m'munda ndi maso, osati kukhala pa tebulo ndi pepala. Onani kumene munda watsetserekera, kumene nthaka ikusintha mtundu, kumene chimanga cha chaka chatha chinakula mwamphamvu, ndipo funsani mwini munda mbiri yake. Buloko ndi kachigawo ka munda kamene nthaka yake ikufanana, ndipo mu buloko iliyonse muyenera kukhala magawo onse 4 a urea, lililonse kamodzi. Pa munda wotsetsereka, buloko igone mopingasa monga imagonera mizere ya akalozera: buloko 1 kumtunda, buloko 5 kumunsi, ndime 4 za buloko imodzi zili pa msinkhu umodzi. Mukatero, kusiyana kwa kumtunda ndi kumunsi kumagwera pakati pa mabuloko, ndipo masamu amakuchotsa. Mukaimika buloko motsata chitsetserekocho mwataya phindu lake lonse, chifukwa ndime za buloko imodzi zidzakhala pa nthaka zosiyana. Chulu, mthunzi wa mtengo wa mango ndi malo odikha madzi muzingozilambalala. Mabuloko sakuyenera kugundana kapena kupanga kabokosi kokongola.

Mabuloko akhale angati? Pa magawo 4, tengani 5. Chifukwa chake ndi nambala ya error degrees of freedom, yosonyeza kuchuluka kwa umboni umene muli nawo poyeza error, kusiyana kwa mwangozi pakati pa ndime. Nambalayi imapezeka pochulukitsa magawo kuchotsa 1 ndi mabuloko kuchotsa 1. Mabuloko 5 amapereka 3 × 4 = 12, pamene mabuloko 3 amapereka 6 yokha, ndipo ndi 6 kusiyana kwenikweni kumatha kubisika. Komanso musayembekezere kuti kuwirikiza mabuloko kawiri kudula kusatsimikizika ndi theka: kuti mudule ndi theka pamafunika kuwirikiza kanayi.

Apa pali cholakwa chimene chimapezeka m'malipoti ambiri a ophunzira. Wina amakhala ndi ndime imodzi pa gawo lililonse, n'kuyeza mapesi 30 m'ndimemo, n'kunena kuti wabwereza ka 30. Sanabwereze. Mapesi 30 aja ali pa nthaka imodzi, ndipo ngati ndimeyo inagwera pa khola lakale, onse 30 adya manyowa omwewo. Chimene chinalandira mlingo wa urea pachokha ndi ndime, choncho chowerenga ndi ndime. Mapesi a m'ndime imodzi amapereka avereji imodzi basi.

Mayere ndi osavuta. Lembani 0, 50, 100 ndi 150 pa timapepala 4 tofanana, tipindeni, tiikeni m'chipewa, wina atole kamodzikamodzi. Koyamba kutuluka kapite ku ndime yoyamba ya buloko 1, mpaka tonse tithe. Bwezerani timapepala m'chipewa n'kuchitanso mayere atsopano pa buloko 2, ndi pa buloko iliyonse. Kukopera ndondomeko ya buloko 1 kumabuloko onse n'kulakwitsa, chifukwa gawo limodzi lidzakhala m'mphepete mwa munda nthawi zonse, kumbali ya njira, ya mbuzi kapena ya mphepo. Zimene mayere atulutsa musazikonze poti sizikukusangalatsani. Dzanja la munthu limakondera ngakhale mwini wake asakudziwa: ndime yooneka yachonde imakoka feteleza amene wofufuzayo akumukhulupirira. Azachipatala amachita mayere pa chifukwa chomwechi, ndipo kafukufuku wa mankhwala a streptomycin pa chifuwa chachikulu, amene bungwe la Medical Research Council ku Britain linasindikiza mu 1948, amakumbukidwa chifukwa madokotala sankasankha okha wodwala wolandira mankhwalawo.

Tsopano miyeso. Ndime iliyonse ikhale ya mizere 5 yotalika mamita 6, yotalikirana masentimita 75. Ndime yotere ndi 22.5 sikweya mita, ndipo ndime 20 ndi 450 sikweya mita, osawerengera tinjira ta mita imodzi pakati pa mabuloko. Bzalani mbewu pa mapando otalikirana masentimita 25, kuti patsale phesi limodzi pa phando, monga mwa njira ya Sasakawa. Izi zimapereka mapando 24 pa mzere, 120 pa ndime, pafupifupi 53,333 pa hekitala. M'munda woyeserapo ndi bwino kuponya njere 2 n'kupatulira chimanga chikamera, chifukwa kupakiza kumabweretsa mapesi ang'onoang'ono amene amaphimbidwa ndi anzawo. Mbewu ichokere m'thumba limodzi. Kubzala, kupalira ndi kubandira kuchitike tsiku limodzi m'munda wonse, ndipo zikavuta malizani buloko yathunthu musanaweruke. Aganyu muziwagawira mabuloko, osati magawo a feteleza.

Urea muyezereni kunyumba pa sikelo ya magalamu. Mlingo wa 50 kg pa hekitala ndi magalamu 5 pa sikweya mita, choncho ndime ya 22.5 sikweya mita ikufuna magalamu 112.5, ya 100 kg ikufuna 225, ya 150 kg ikufuna 337.5. Gawani mlingo wa ndime m'timajumbo 5, kamodzi pa mzere uliwonse, n'kulemba nambala ya ndime pa kajumbo. Popanda kutero wothira amataya wambiri m'mizere yoyamba, yomaliza n'kutsala ndi nyenyeswa. Thirani patatha masabata atatu chimanga chitamera, pa nthaka yonyowa, m'kabowo ka pambali pa phesi, n'kukwirira. Urea wosiyidwa pamtunda amauluka ngati mpweya wa ammonia, ndipo gawo lanu la 150 limatha kukhala lochepera pamenepo inu osadziwa.

Jambulani mapu a munda kawiri, ena muwasunge kunyumba. Zikhomo za m'munda zimadyedwa ndi chiswe, ana amazizula, utoto umafufutika ndi mvula. Pa chikhomo lembani nambala ya ndime yokha, monga 101, 102, 203, osati mlingo wa feteleza. Woyeza pa sikelo kapena wopereka malikisi a matenda asadziwe ndime imene inalandira wambiri, chifukwa akadziwa, diso limaona zimene likuyembekezera.

Mbozi zikalowa, poperani munda wonse, ngakhale ndime zimene zikuoneka zabwino. Kaufiti akatuluka mu ndime zina, werengani mitengo yake pa ndime iliyonse n'kulemba. Ng'ombe zikadya ndime, kapena akuba akathyola mondokwa, lembani tsiku ndi kukula kwa chionongekocho. Ndime yotere imalembedwa kuti yasowa, osati 0, chifukwa 0 amauza kompyuta kuti feteleza ndiye anapha chimangacho. Ikaninso choyezera mvula pafupi, chifukwa nayitirojeni amagwira ntchito molingana ndi madzi.

Pokolola musatenge ndime yonse. Mizere iwiri ya m'mbali imaba feteleza kwa ndime yoyandikana nayo kapena kuberedwa, ndipo mapesi a kumapeto kwa mzere amalandira dzuwa lambiri. Kololani mizere 3 ya pakati, kusiya theka la mita kumutu ndi kumapeto, ndiye kuti mapando awiri mbali iliyonse. Malo okololawo ndi 3 × 0.75 × 5, kapena kuti 11.25 sikweya mita, okhala ndi mapando 60. Werengani mapesi amene aimadi musanathyole, ikani zisononkho m'thumba lolembedwa nambala kunja ndi kapepala kena mkati, tonolani, petani, yezani kulemera, ndipo nthawi yomweyo yezani chinyezi. Chimanga chodya nayitirojeni wambiri chimachedwerapo kuuma, choncho mukapanda kukonza chinyezi mudzayeza madzi ngati chimanga. Tiyerekeze kuti ndime yapereka 4.5 kg pa chinyezi cha 18 peresenti. Chulukitsani 4.5 ndi 82 (100 kuchotsa 18), gawani ndi 87.5 (100 kuchotsa 12.5), mupeza 4.22 kg. Chulukitsani ndi 10,000 n'kugawa ndi 11.25, mupeza pafupifupi 3,750 kg pa hekitala.

Manambala 20 amenewa amalowa mu ANOVA, masamu olekanitsa kusiyana kochokera ku urea ndi kusiyana kwa mwangozi, a m'mapulogalamu a pakompyuta monga R, GenStat kapena SPSS, ndipo muonetsetse kuti buloko yalowa m'masamuwo pamodzi ndi mlingo wa urea. Mukaiwala buloko, kusiyana kwa nthaka kumene munavutika kukupatula kumabwereranso mu error. LSD imakuuzani kusiyana kochepetsetsa kumene mungakhulupirire pakati pa maavereji awiri: ndi 12 degrees of freedom pa mlingo wa 5 peresenti, chulukitsani 2.179 (nambala ya m'tebulo la t) ndi sikweya ruti ya 2 × error mean square ÷ 5. Error mean square mumaipeza mu zotsatira za ANOVA, ndipo 5 ndi chiwerengero cha mabuloko. Onaninso CV, peresenti yosonyeza kukula kwa kusiyana kwa mwangozi poyerekeza ndi avereji ya zokolola. Ikadutsa 20 peresenti pa chimanga, bwererani ku buku lanu la m'munda mukaone chimene chinasokoneza. Popeza magawo anu ndi milingo yotsatizana, jambulani girafu ya urea ndi zokolola. Nthawi zambiri mzere umakwera msanga poyamba kenako n'kuyamba kugona, ndipo chofunika kwa mlimi ndi pamene thumba lowonjezera la 50 kg likuleka kubweza mtengo wake.

Ngati mukufuna kudziwanso za mitundu iwiri ya mbewu, musatsegule munda wachiwiri. Phatikizani: mitundu 2 kuchulukitsa milingo 4 ndi magawo 8 pa buloko, ndipo mabuloko 3 amapereka kale 14 degrees of freedom. Kuyala kotere, kumene amati factorial, kumaonetsa ngati haibulidi ndi chimanga cha makolo zimayankha urea mofanana kapena mosiyana, chinthu chimene minda iwiri yosiyana singaonetse.

Zotsatira za munda umodzi m'chaka chimodzi zimanena za nthaka imeneyo ndi mvula imeneyo. Za dothi lofiira la ku Lilongwe sizingakhale malangizo a ku Chikwawa kapena ku Karonga. Bwerezani kwa zaka ziwiri kapena zitatu, m'malo angapo, ndi mayere atsopano pa malo aliwonse. Njira imodzi yofikira minda yambiri ndi ya mother and baby, imene wofufuza zaulimi Sieglinde Snapp ndi anzake anayambitsa ku Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990: munda waukulu pakati pa mudzi umakhala ndi magawo onse obwerezedwa, ndipo alimi ozungulira amatenga magawo ochepa, pamodzi ndi kalimidwe kawo ka nthawi zonse kuti kakhale poyerekezera. Posanthula, munda wa mlimi aliyense umawerengedwa ngati buloko imodzi.