Momwe Mungayendetsere Galimoto Yaliwiro M'nyengo ya Chipale Chofewa ku Scotland

Anthu ambiri okhala ndi galimoto zaliwiro monga BMW M2, Porsche Cayman kapena Toyota GR86 amazitsekera m'galaja mwezi wa Novembala ukafika, n'kudzazitulutsa mu Epulo. Galimoto zoterezi zimakankhidwa ndi mawilo akumbuyo, ndipo pamsewu wa chipale chofewa kumbuyo kwake kumakonda kupatuka. Komabe vuto lalikulu ndi matayala amene zimabwera nawo, chifukwa mphira wake anaupangira msewu wotentha. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 7 a Celsius, mphirawo umauma n'kusiya kugwira phula, ngakhale pamsewu pasakhale chipale chilichonse. Mukasintha matayala, galimoto yomweyo imayenda bwino nyengo yonse yachisanu.

Choyamba ndi kusankha tayala loyenera. Yang'anani pambali pa tayalalo chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kachipale pakati. Zilembo za M+S zokha, zotanthauza matope ndi chipale, musazikhulupirire, popeza wopanga amatha kuziika popanda kuyesa tayalalo pachipale. Ku Britain lamulo silikakamiza matayala achisanu, koma ngati mukufuna kudzawolokera ku Germany, kumeneko lamulo limawafuna msewu ukakhala ndi chipale kapena madzi oundana, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 amavomereza okhawo a chizindikiro cha phiri. Michelin Pilot Alpin ndi Continental WinterContact ndi mitundu imene imapezeka pa masaizi a galimoto zamtunduwu. Gulani matayala onse anayi. Kuika awiri kumbuyo kokha n'kusiya akutsogolo kumachititsa kuti galimoto inyamuke bwino koma ikane kukhota.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pofunika kudekha, ndi nkhani ya malimu, zitsulo zozungulira zimene amavekapo matayala. Ambiri amalangiza kugula malimu ena apadera, ocheperako ndi inchi imodzi, kuti tayala likhale lopapatiza ndi lalitali m'mbali. Malangizowo ndi oona, chifukwa tayala lopapatiza limaboola chipale n'kukafika pansi, pomwe lalikulu limangoyandama pamwamba, komanso matayala a mainchesi 18 amatsika mtengo kuposa a mainchesi 19. Chimene amaiwala kunena n'chakuti galimoto yaliwiro ili ndi mabuleki akuluakulu, ndipo limu yaing'ono siingalowe. Ine ndinagula malimu a kaunjika kwa munthu wina wa pa intaneti amene ananenetsa kuti anawachotsa pa galimoto ya mtundu wanga womwewo. Mabowo a mabawuti anagwirizana, kumbuyo anakhala bwino, koma kutsogolo chitsulo chogwira buleki chinkakhula mkati mwa limu, moti wilo silinkazungulira n'komwe. Wogulitsayo anasiya kuyankha foni tsiku lomwelo. Makaniko wina anati tiikepo timbale totalikitsa wilo, koma njira imeneyo imatulutsa tayala kunja kwa bodi n'kusintha kayendedwe ka galimoto, choncho malimuwo ndinawagulitsa motchipa n'kuyambanso.

Kuti zoterezi zisakuchitikireni, musanapereke ndalama onani manambala anayi: kukula kwa limu, kuchuluka ndi kutalikirana kwa mabowo a mabawuti, kukula kwa bowo lapakati, ndi nambala yoyamba ndi zilembo ET imene imasonyeza mmene limu imalowera mkati. Masaizi ovomerezeka amalembedwa m'buku la galimoto kapena pa kapepala komata pachitseko cha dalaivala. Ngakhale manambala onse agwirizane, kapangidwe ka mkati mwa limu kamasiyana, ndiye pitani ndi jeke n'kuyesa limu imodzi kutsogolo, muizungulitse ndi dzanja wogulitsayo akuona. Wokana kuti muyese, musiyeni. Ngati malimuwo akubwera ndi matayala akale, werengani manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo DOT: 3521 akutanthauza sabata ya 35 m'chaka cha 2021. Tayala lachisanu lopitirira zaka 6 limakhala litayamba kuuma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. Lamulo la ku Britain limalola mizere yakuya mamilimita 1.6, koma pachipale tayala losakwana mamilimita 4 latha ntchito. Muwerengerenso ndalama za timasensa toyeza mpweya wa m'matayala, chifukwa ogulitsa ambiri satitchula mpaka pa nthawi yolipira.

Mukaika matayala, dziwitsani a inshuwaransi, kenako onani chilembo cha pa tayala chosonyeza liwiro limene silingapitirire. Matayala a nyengo yotentha a galimoto zoterezi kawirikawiri amakhala a Y, kutanthauza makilomita 300 pa ola, pomwe achisanu ambiri ndi a H kapena V, kutanthauza 210 kapena 240. Mpweya muziuyeza m'mawa galimoto isanayende, popeza umatsika kukamazizira.

Pa kayendetsedwe, amene anayendapo pamsewu wa dothi lofiira mvula itangogwa akudziwa kale theka la nkhaniyi: chiwongolero, buleki ndi mafuta, zonse n'zogwira pang'onopang'ono. Ikani galimoto pa kayendedwe kamene kamafewetsa mphamvu ya injini, ndipo makina oletsa kuterereka musawazimitse. Ngati ndi ya giya wamanja, nyamukani ndi giya yachiwiri. Malizani kuponda buleki musanalowe pakona, ndipo mafuta muwonjezere chiwongolero chikawongoka. Kumbuyo kukayamba kupatuka, chepetsani mafuta mosadzidzimutsa n'kuwongolera kumene mukufuna kupita. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu ku Britain, limachenjeza kuti pachipale ndi madzi oundana mtunda woimira ukhoza kuwirikiza kakhumi, ndipo matayala achisanu amangochepetsako mtundawo.

Chimene matayala sangathetse ndi kufupika kwa galimoto. Chipale chikakwera kufika pa bampala, galimoto imachikankha mpaka kukhala pamwamba pake mawilo ali m'malere. Msewu wa A9 umadutsa pa Drumochter pamtunda wa mamita oposa 450, ndipo A93 imakwera kufika mamita 670 pa Cairnwell, pafupi ndi Glenshee, pomwe pali zipata zimene amatseka chipale chikachuluka. Onani tsamba la pa intaneti la Traffic Scotland, lonena mmene misewu ilili, musananyamuke, ndipo mulole galimoto zothira mchere wosungunula chipale pamsewu zidutse kaye.

Zotsalazo n'zodziwika. Thirani madzi otsukira galasi osaundana, chotsani chipale chonse padenga ndi pamagetsi, ndipo muzitsuka kunsi kwa galimoto kawirikawiri chifukwa mchere umadyetsa chitsulo dzimbiri. Kukayamba kufunda cha mu Epulo bwezerani matayala a nyengo yotentha, achisanuwo muwalembe ndi choko mbali imene lililonse linali, n'kuwasunga pamalo ouma posafika dzuwa.