Kwa anzanga a shifiti yausiku ku fakitale ya magalimoto

Abale amene mukugwira ntchito pa laini yolumikiza magalimoto kuno ku Joni, ndikugawireniko zomwe zandithandiza. Miyezi yapitayi ndinkangopsa mtima ndi kanthu kalikonse, mutu uli waliwali, mpaka ana kunyumba anayamba kundiopa. Gwero lake linali kusowa tulo.

Tsopano khofi ndimalekeza pakati pa shifiti, chifukwa amakhalitsa m'thupi maola ambiri. Ndikaweruka m'mawa ndimavala magalasi akuda m'takisi, poti kuwala kwa dzuwa kumauza thupi kuti kwacha, tulo n'kubalalika. Pazenera ndinakhomapo bulangete lochindikala, ndipo foni imagona pabalaza. Zotseka m'makutu za foam zija, zonga zomwe timavala pa laini, ndinagula zanga zogona nazo. Mowa woti ndigonere ndinausiya: umagonetsa msanga, koma umadzakudzutsa tulo tisanakwane, thupi lili lefu.

Ngati nkhawa ikukulemeranibe, chonde musaisunge mumtima nokha. Uzani namwino wa pakiliniki ya pantchito kapena shop steward (woimira antchito m'bungwe lawo) amene mumamukhulupirira. Maganizo akafika poipa, imbani ku SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika ndi nkhawa ndi maganizo, pa 0800 567 567, nambalayi ndi yaulere usana ndi usiku.