Momwe mungasinthire kadyedwe akakupezani ndi matenda a celiac

Matenda a celiac alibe mapiritsi. Mankhwala ake ndi kusiya gluten kwa moyo wonse. Gluten ndi puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye (mbewu yofanana ndi tirigu), ndipo ikalowa m'thupi la wodwala, chitetezo cha thupi chimayamba kuwononga timinofu ta m'matumbo aang'ono tomwe timayamwa chakudya. Ndiye gwero la kutsegula m'mimba, kuwonda, kuchepa kwa magazi ndi kutopa kosatha. Ngati simunamalize kuyezetsa, musasiye kaye buledi: kuyeza magazi kwa tTG-IgA ndi kuunika kachidutswa ka matumbo kumalephera kuwonetsa matendawa mwa munthu amene wasiya kale tirigu.

Yambani ndi zomwe zatsala m'mbale, chifukwa ndi zambiri. Nsima ya chimanga ilibe gluten, kaya ya ufa woyera kaya ya mgaiwa. Kondowole, mpunga, mapira, mawere, mbatata, mbatatesi, nthochi, nyemba, nandolo, mtedza, usipa, mazira, nyama ndi masamba onse ndi zanu. Zochoka ndi buledi, mandasi, masikono, samusa, mabisiketi, makeke ndi supageti. Mowa wambiri wa m'mabotolo umafulidwa ndi chimera cha balere, ndiye nawonso wapita, pamodzi ndi Milo ndi Horlicks. Thobwa la pakhomo la chimera cha mawere kapena mapira mukhoza kumwa, koma maheu ogula muwerenge kaye.

Kuwerengako kukhale chizolowezi pa paketi iliyonse. Funani mawu akuti wheat (tirigu), barley (balere), rye, malt (chimera cha balere) ndi rusk (nyenyeswa zouma za ufa wa tirigu). Tirigu amabisala m'masoseji, mu poloni, mu supu waufa, m'timakyubu tokometsera ndiwo, mu soy sauce ndi mu soya pieces zina. Ma cornflakes ambiri amathiramo malt ngakhale dzina lake likunena za chimanga. Oats wamba amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kufakitale. Muyeso wa Codex, malamulo a zakudya a padziko lonse, ndi wakuti chakudya cholembedwa gluten-free (chopanda gluten) chisapitirire mamiligiramu 20 a gluten pa kilogiramu imodzi.

Pomwe anthu ambiri amagwera ndi kukhitchini, atasiya kale buledi bwinobwino. Miyezi imatha m'mimba mukadali mosokonekera, wodwala n'kuyamba kuganiza kuti adokotala analakwitsa. Vuto limakhala nyenyeswa. Mpeni wadula buledi wa ana, kenako walowa mu majarini kapena m'botolo la chiponde, ndiye kuti botolo lonselo laipitsidwa kwa inu. Khalani ndi lanu ndipo mulilembe dzina. Sefa yomwe anasefera ufa wa mandasi sitsukika bwino, gulani ina yosefera ufa wa nsima basi. Mthiko ndi chipande chamtengo zikakhala ndi ming'alu zimasunga ufa mkati, choncho zisakhudze phala la tirigu. Mapoto achitsulo ndi mbale zadongo zosalala zimayera ndi sopo ndi madzi, palibe chifukwa chotayira ndalama pogula zatsopano. Ufa wanu muusunge m'chidebe chotseka, pashelefu ya pamwamba, kuti wa tirigu usamagwere m'menemo. Tsiku lokazinga mandasi pakhomo, chakudya cha wodwala chiphikidwe choyamba ndi kuvindikiridwa.

Mafuta okazingira ndiwo oopsa koposa, chifukwa moto supha gluten. Chitumbuwa cha nthochi ndi mgaiwa chilibe vuto pachokha, koma chikakazingidwa m'mafuta omwe mwatuluka mandasi, chatenga. Chimodzimodzi tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa pamodzi ndi masoseji kapena nkhuku yopakidwa ufa. Funsani wogulitsa mosachita manyazi, ndipo akayankha mozungulira, pitani. Ena ophika chigumu chogulitsa amathiramo ufa wa tirigu pang'ono kuti chifufume, osanena. Kuchigayonso funsani ngati amagaya tirigu, makamaka kumadera omwe amalima mbewuyi monga Tsangano ku Ntcheu ndi ku Neno. Ngati amagaya, ufa woyamba kutuluka upite kwa ena a m'banja.

Za ufa wolembedwa gluten-free wa m'masitolo akuluakulu: wambiri umachokera ku South Africa ndipo mtengo wake umaposa wa ufa wa tirigu kutalitali. Simukuufuna tsiku lililonse. Gayitsani mpunga wosweka, womwe ndi wotchipa, n'kusakaniza makapu 2 a ufa wa mpunga ndi kapu 1 ya ufa wa chinangwa. Chinangwacho chimathandiza kumata, popeza gluten, amene amagwira mtanda wa ufa wa tirigu, mulibe mu ufa wa mpunga. Koma ufa wa chinangwa wa m'timajumbo tosalembedwa muugule kwa munthu womudziwa, kapena mugule makaka n'kukagayitsa nokha. Pa chakudya cham'mawa, phikani chikondamoyo: makapu 2 a mgaiwa, nthochi zakupsa 3 zofinya, dzira 1, theka la kasupuni ka soda, mchere pang'ono ndi kapu 1 ya chambiko. Chikamayoyoka, onjezerani dzira lina.

Mkaka ukamakutsegulani m'mimba m'miyezi yoyamba, chepetsani kaye, nthawi zambiri zimatha matumbo akapola. Pemphani kuti akuyezeni ayironi, folate ndi vitamini D, ndipo tTG muyezenso pakatha miyezi 6 ndi 12. Ana amachira msanga, akuluakulu zimatha kuwatengera zaka ziwiri. Makolo, abale a bere limodzi ndi ana a wodwala ayezetse, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nawo. Mkate wa Mgonero nthawi zambiri umakhala wa tirigu, choncho lankhulani ndi abusa kapena ansembe lisanafike Lamulungu. Popita ku ukwati, kumaliro kapena pa ulendo wa basi, tengani mbatata yophika, mazira ndi mtedza m'chikwama.