Akufuna presentation pa intaviyu? Konzekerani chonchi

Mabungwe ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre salekera pa mafunso okha masiku ano. M'kalata yokuitanani amalembamo kuti mukonze presentation ya mphindi 10, kutanthauza kufotokoza mfundo zanu pamaso pawo mukuonetsa masilaidi (masamba a pakompyuta oonetsa pakhoma). Kukongola kwa masilaidi si kumene akuyang'ana. Akufuna aone ngati mawa angakutumeni kukalankhula pamaso pa a T/A kapena opereka thandizo, osawachititsa manyazi.

Choyamba, werengani mutu womwe akupatsani kawiri katatu. Akati mufotokoze zimene mungachite m'masiku 90 oyamba, musayambe ndi sukulu zomwe munapitako, izo aziona kale mu CV. Pitani pa tsamba lawo la Facebook muone maboma omwe akugwiramo ntchito. Ngati ndi Nsanje ndi Chikwawa, pulani yanu isaiwale kuti dzinja madzi amasefukira ndipo misewu ina imaduka.

Chachiwiri, masilaidi 6 kapena 7 akwana. Mawu ochepa, zilembo zikuluzikulu.

Chachitatu, ndipo apa mpamene ambiri amagwa: yesererani mokweza, wotchi ya pafoni ikuyenda. Imani pabalaza, mng'ono wanu akhale bwana. Ndinakhalapo pagulu lofunsa mafunso pomwe mnyamata wina, wanzeru zake ndithu, anamudula ali pa silaidi yachinayi mwa 18. Mfundo yake yeniyeni anaisungira kumapeto, ndiye sitinaimve. Yankho lanu likhale m'mphindi yoyamba, zotsalazo zingolichirikiza. Mukamayeserera muzimaliza pa mphindi 9, chifukwa tsikulo mantha amadya nthawi.

Chachinayi, musadalire magetsi. Fayilo ikhale pa fulashi, mu imelo, komanso PDF pafoni. Sindikizaninso makope asanu. Magetsi akathima jenereta isanalire, mungogawa mapepalawo n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ngati laputopu yanu ili ndi polumikizira chingwe cha HDMI pokha, funsiranitu, mapulojekita ena akale amafuna chingwe cha mtundu wina chotchedwa VGA.

Tsiku lake fikani kukadali mphindi 30. Perekani moni, kenako yang'anani anthu, osati khoma. Kuwerenga silaidi liwu ndi liwu mutawafulatira kumagonetsa tulo.

Akakuponyerani funso la chiwerengero chomwe mulibe, musapeke, pagulupo pali wina amene akuchidziwa. Nenani kuti, "Pepani bwana, chiwerengerocho ndilibe panopa, koma ndikanakachipeza ku ofesi ya DC," kenako fotokozani mmene mukanachigwiritsira ntchito.